A David Clement Scott ndi Madikoni Asanu ndi Awiri a ku Blantyre

Anthu ambiri amene adziwa dzina la a David Clement Scott alidziwa chifukwa cha tchalitchi chija cha njerwa zofiira, cha St. Michael and All Angels, chimene chiri pa Misyoni ya Blantyre. Ena okonda mabuku alidziwa chifukwa cha buku lao lalikulu lomasulira mau a Chimang'anja. Koma nchito imene iwo anaibvutikira koposa zonse, imenenso inawadanitsa ndi Azungu anzao, siioneka ndi maso monga zionekera njerwa. Nchitoyo inali yakutenga anyamata a m'dziko muno amene anali pansi pao ndi kuwasandutsa atsogoleri. Mphunzitsi wamkulu ali yense, ndi mkulu ali yense wa pa ofesi ya Boma, ali ndi anthu pansi pache amene tsiku lina adzakhala pa mpando wachewo. Chotero mbiri ya m'mene a Scott anayesera chinthu chimenechi, ndi m'mene chinawapulumukira m'manja, iri ndi kanthu kwa onsewa.

Misyoni Imene Anaipeza

A Scott anabadwa mu 1853 mu mzinda wa Edinburgh ku Scotland, ndipo anaphunzira pa Yunivesite ya komweko kufikira anatsiriza maphunziro a ubusa. Mu 1881, ali ndi zaka 28, Mpingo wa Church of Scotland unawatuma kudzakhala mkulu wa Misyoni ya Blantyre. Sanali malo akuti munthu nkuwasirira iai. Misyoniyo inayamba mu 1876 m'dziko la Mfumu Kapeni, koma pa zaka zowerengeka zokha inali itaipitsa kale dzina lache. Popeza kunalibe Boma, ndipo akapolo othawa ambuye ao anali kudza kudzakhala pa misyoni, Azungu oyamba aja anadziyesa okha oweruza, nayamba kukwapula anthu. Munthu wina anafa nayo mikwapulo. Wina, amene anamganizira kuti anapha munthu, anamuombera mfuti mu 1879. Mlendo wina wa ku Australia, dzina lache Andrew Chirnside, anazilemba zimenezi m'kabuku kamene kanatuluka ku London mu 1880, ndipo Mpingo unachita manyazi kwambiri. Unatuma anthu kudzafufuza, ndipo pomaliza pache mkulu wa misyoni, Mbusa Duff Macdonald, pamodzi ndi John Buchanan ndi George Fenwick, anachotsedwa nchito.

Lamulo limene a Scott anadza nalo linali lomveka: misyoni isadziyesenso Boma, ndipo chikoti chileke. Koma kuletsa chikoti sikuthetsa ndeu. Anthu anali kulakwirana monga kale, ndipo mafumu anali kudzafunabe anthu ao othawa. Mkulu amene wangolandira lamulo loletsa, osamuonetsa njira yina, kawirikawiri angokhala manja lende, kapena abwerera ku njira yakale mobisa. A Scott anafuna njira yachitatu, ndipo anaipeza pabwalo. Anaona kuti Amang'anja ndi Ayao anali nayo kale njira yao yokambira mlandu, yakuti mbali zonse zilankhule kufikira mau atha, akulu namvetsera, ndipo chiweruzo chikhale chimene anthu achibvomereza. Anayamba tsono kukhala pansi ndi mafumu oyandikana nao ndi kukamba milandu mwa njira imeneyo, ngakhale inali kudya nthawi.

Kuti munthu achite zotere ayenera kudziwa chinenero bwino lomwe, osati chija chongolamulira nacho amtengatenga. Kuphunzira kwao kunabala buku lija lochedwa A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language, limene linasindikizidwa mu 1892. Silingopereka mau a Chingerezi olingana ndi a Chimang'anja. Pa mau ambiri lifotokoza mwambo wonse umene uli kuseri kwa liulo, ndipo liu lakuti mlandu analifotokoza motalika. Mnzao a Alexander Hetherwick, amene anafika mu 1883 ndi kuyamba misyoni ya Domasi mu 1884, analikonzanso bukulo nalitulutsa mu 1929.

Mu 1884 a Scott anayenda ulendo woopsa kukaonana ndi Mfumu Chikusi ya Angoni, ndipo mkazi wao anapita nao. Chaka chomwecho nkhondo ya Angoni inaoloka Shire ndi kusakaza midzi ya ku mapiri, koma misyoni sanaikhudze.

Kumanga ndi Anthu Osadziwa Kumanga

Mu 1888 a Scott anayamba kumanga tchalitchi. Iwo sanaphunzire za kumanga nyumba ku sukulu iri yonse, ndipo anthu amene anagwira nao nchitoyo anali asanamangepo nyumba ya mtundu umenewo. Panalibe pulani yathunthu yolembedwa papepala nchito isanayambe. Njerwa zonse anaziumba pomwepo ndi dothi la komweko, naziocha ndi nkhuni. Popeza nyumbayo iri ndi nsanja, mizati, ndi makomo ndi mazenera okhota pamwamba, njerwa za mtundu umodzi sizikanakwanira. Anasema zikombole za matabwa zosiyanasiyana, ndipo amene anawerenga ati m'nyumbamo muli mitundu ya njerwa yokwana ngati 81.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndicho machitidwe ao pa nchitopo. Mbali iri yonse yobvuta anali kuyamba aisanja ndi njerwa zokhazokha, zosamata, kuti aone ngati ikhala. Ikakana, anali kuphwasula ndi kusanjanso. Ikakhala, pamenepo ndipo anali kumanga kwenikweni. Njira imeneyi iri ndi nzeru yoposa ya njerwa chabe. Wophunzira alakwa pa nthawi imene kulakwa sikuononga kanthu. Aona ndi maso ache chimene khoma lakanira. Ndipo aonanso kuti mkulu wa nchito nayenso ayesa nalephera, nayesanso, osachita manyazi pamaso pa anyamata ache. Mkulu wa zomangamanga wa Boma sangalole nyumba ya mapazi 106 m'litali kuyambidwa popanda pulani, ndipo pokana sangalakwe. Komabe nyumbayo inatsegulidwa pa 10 May 1891, ndipo yaima zaka zoposa 130. Pamene inatha, pa Blantyre panatsala amisiri a m'dziko muno odziwa kuumba njerwa, kumanga ndi kupala matabwa. Ku Scotland ena anadandaula kuti nyumbayo inali yokongola mopitirira muyeso, ndipo dandaulo limenelo silinafe. Linadzadzukanso m'tsogolo mwache.

Zaka zomwezo imfa inali kuyendayenda pa misyoni. Robert Cleland, amene anayamba nchito ku Mulanje, anamwalira mu 1890. Mu 1891 anamwalira Dotolo John Bowie, mlamu wao wa a Scott, ndi mlongo wache Mai Henderson pamodzi ndi mwana. Ndipo Henry Henderson mwini, amene anasankha malo a Blantyre, anatsirizikira ku Quelimane ali pa ulendo wa kwao. Munthu ali yense wanzeru akanaona kuti nchito yotsamira pa Azungu okha inali ngati nyumba ya nsichi zodyedwa ndi chiswe. Misyoni zonse zinachiona chimenechi, ndipo zonse zinali ndi anthu akuda othandiza. Koma a Scott anali ndi chifukwa china choposa kusowa kwa anchito. Anakhulupirira kuti Mzungu ndi munthu wakuda ali a Mpingo umodzi, oyenera kupemphera m'nyumba imodzi ndi kudya Mgonero pa gome limodzi, ndi kuti mwambo wa anthu a kuno uli ndi zache zimene Mpingo uyenera kulandira.

Kapitao ndi Mtsogoleri

Pa minda ya khofi imene Azungu anali kutsegula ku mapiri a Shire masiku amenewo panali akapitao ambiri. Kapitao anali munthu wamphamvu pamaso pa anchito, koma mphamvuyo siinali yache. Anali kungonyamula mau a bwana kunka nao kwa anthu, ndipo pa chinthu chiri chonse chachilendo anali kuthamangira ku khonde kukafunsa. Munthu akhoza kukhala kapitao zaka makumi awiri osaphunzira kudula nkhani ndi kamodzi komwe. A Scott sanafune akapitao.

Mu 1894 anapatula anyamata asanu ndi awiri, nawaika kukhala madikoni a Mpingo. Maina ao ndi awa: John Chipuliko, Mungo Murray Chisuse, Thomas Mpeni, James Gray Kamlinje, James Auldearn Mwembe, Harry Kambwiri Matecheta ndi John Gray Kufa. Anali kuwaphunzitsa iwo eni, osawasiyira mphunzitsi wina, ndipo cholinga chinali chakuti ena mwa iwo adzakhale abusa. Koma sanadikire kuti ayambe atsiriza maphunziro ndipo pambuyo pache awapatse nchito. Madikoniwo anali ndi bwalo lao lokamba milandu ya Akristu olakwa, ndipo mau ao pa bwalolo anali ndi mphamvu. Apa mpamene panali kusiyana. Kuphunzitsa mnyamata kuwerenga Chingerezi, Azungu ambiri anakubvomereza. Koma kumlola kuti aweruze, ndi kuti chiweruzo chache chiime, chinali chinthu china.

Chinanso, anali kuwatuma kutali kumene kunalibe khonde lothamangirako. Harry Kambwiri Matecheta, Myao, anapita mu 1893 ku Panthumbi pakati pa Angoni, m'dera limene tsopano liri m'boma la Ntcheu, pamodzi ndi akazi awiri Achizungu. Akaziwo atachoka iye anatsala, ndipo anagwira nchito pakati pa Angoni zaka zambiri. Myao kukakhala pakati pa anthu amene nkhondo yao inali itasakaza kwao zaka zosakwana khumi zapitazo, chinali chiyeso choposa mayeso ali onse a papepala. John Gray Kufa anaphunzira za mankhwala m'chipatala cha misyoni, ndipo anamtuma kukayamba nchito pakati pa Alomwe m'dziko la Apwitikizi. Mungo Chisuse anapita ku Scotland, naphunzira nchito yosindikiza mabuku ku Edinburgh, ndipo anadzayang'anira nyumba yosindikizira ya misyoni. Anadziwanso kujambula zithunzi, ndipo zithunzi zodziwika za John Chilembwe ndi banja lache zinachokera m'manja mwache.

Pa anthu atatuwa paoneka dongosolo limodzi. Ali yense anali ndi luso lache lenileni, la m'manja kapena la m'mutu, limene anthu akanamlemekeza nalo. Ali yense anapatsidwa malo ache amene zinthu zikalakwika mlandu ukhala wache. Ndipo ali yense anali ndi mkulu amene anali kumdziwa bwino ndi kumuimira pamene ena amnyoza. Masiku ano anchito atumizidwa ku maphunziro a utsogoleri kwa masabata angapo, nabwera ndi setifiketi, ndipo pofika pa ofesi apeza kuti ngakhale kalata yopempha choko iyenera kudikira siginecha ya bwana. Madikoni a ku Blantyre mwina analibe pepala lotero, koma anali ndi milandu yeniyeni yoti aidule.

Adani Achuluka

Mu 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Boma la Britain, ndipo Harry Johnston anadza kudzalilamulira. A Scott ndi a Hetherwick anali atachifuna chitetezo cha Britain poopa Apwitikizi ndi ogula akapolo. Koma Boma litayamba kukhometsa msonkho, kubvomereza kuti Azungu atenge maiko akulu, ndi kuthira nkhondo mafumu Achiyao, iwo analitsutsa poyera m'nyuzipepala ya misyoni yochedwa Life and Work, imene inayamba mu 1888. Johnston anaipidwa nao kwambiri. Azungu a minda naonso sanakondwe ndi misyoni yophunzitsa anthu akuda kuyankha.

Koma chimene chinawagwetsa sichinachokere kunja. Pakati pa amisyoni eni ache panali ena amene sanafune kuona munthu wakuda ali ndi udindo mu Mpingo umene iwo anali kupempheramo. Awa, pamodzi ndi ena a minda ndi ena a ku Scotland, anaunjika zinenezo. Anati mapemphero a ku Blantyre, ndi oyimba obvala zoyera ndi madikoni, anali kufanana ndi a mipingo yina, osati a Chipresbiteriyani. Anati a Scott anali kulamulira okha osamvera Bungwe la Amisyoni. Anati ndalama sizinali kuyenda bwino. Zonsezi zinawapeza ali ofooka, pakuti mu 1895 anataya mkazi wao, ndiponso mbale wao Dotolo William Affleck Scott, amene anali kugwira nao nchito pa misyoni. Mu 1897 Mpingo unaika bungwe lofufuza. Pa zinenezo zazikulu silinawapeze olakwa, koma mphamvu zao zinachepa, ndipo thupi linali litatha. Mu 1898 anachoka ku Blantyre, osabwereranso.

Nkwapafupi kunena kuti adani aowo anali a mtima wa tsankho basi, ndipo ambiri analidi otero. Koma zinenezo ziwiri zinali ndi choonadi m'kati mwache. Pa ndalama a Scott sanali munthu wosamala. Anali kuona nchito yoyenera kuchitika nayamba, kuwerenga mtengo kunali kudza pambuyo, ndipo komiti ya ku Edinburgh, imene inali kusowa ndalama kawirikawiri, inatopa nao. Ndipo munthu yemweyo amene anali kupirira pabwalo kufikira mfumu itatha mau ache, sanaonetse kupirira komweko kwa Azungu anzache a m'Bungwe. Anawalambalala m'malo mwakuwakopa. Chotulukapo chache chinali chakuti mphamvu ya madikoni inalibe pena potsamira koma pa a Scott okha. Siinakhazikike m'malamulo a Mpingo wa ku Scotland, umene sunadziwe madikoni a mtundu umenewo. Siinabvomerezedwe ndi onse ogwira nao nchito. Inali mphatso ya munthu mmodzi, ndipo mphatso yotere ichoka tsiku limene mwini wache anyamula katundu.

Mu 1901 Mpingo unawatuma ku Kikuyu m'dziko la Kenya kukatsogolera misyoni yina. Kumeneko anatenga dziko lalikulu pakati pa Akikuyu kuti misyoni idzidyetse yokha ndi ulimi wa malonda, chinthu chodabwitsa kwa munthu amene anatsutsa kulanda maiko ku mapiri a Shire, ndipo ulimiwo sunapindule. Anamwalira komweko mu 1907, ali ndi zaka 54.

Zimene Zinatsala pa Blantyre

A Hetherwick ndiwo analowa m'malo mwao. Anali bwenzi lao lokhulupirika, ndiponso munthu wodziwa kusunga mabuku ndi kuyendetsa makomiti kuposa a Scott; mu ulamuliro wao misyoni inakula, ndipo sukulu ya Henry Henderson Institute inatsegulidwa mu 1909. Koma anali munthu wochenjera poyenda, wosafuna kuthamanga. Mpingo unakonzedwa monga mwa dongosolo la ku Scotland, ndi mabwalo a akulu a Mpingo m'malo mwa bwalo lija la madikoni. Anthu akuda anakhala akulu a Mpingo, inde. Koma ndalama, sukulu, ndi kuika anchito m'malo ao, zonsezi zinakhala m'manja mwa Bungwe la Amisyoni, ndipo m'Bungwemo munali Azungu okhaokha. Abusa oyamba akuda a ku Blantyre, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, anadzozedwa mu 1911, zitapita zaka 17 chipatulire madikoni aja.

Zaka 17 nzambiri kwa munthu amene analawa kale udindo. John Gray Kufa anadzagula munda wache nakhala mlimi wodziimira yekha, mmodzi wa anthu akuda olemekezeka a m'dera la Blantyre. Mu 1915 anapezeka ali kumbali ya John Chilembwe, ndipo Boma linamupha. Azungu ambiri ananena pamenepo kuti choipa chonse chinachokera ku maphunziro a misyoni za Scotland, ndipo a Hetherwick anaimirira pamaso pa bungwe lofufuza za nkhondoyo kuteteza anthu ophunzira. Sikungakhale koona kunena kuti Kufa anatenga mfuti chifukwa cha bwalo la madikoni lokha, pakuti panali thangata, msonkho, ndi kunyozedwa kwa tsiku ndi tsiku kumene munthu wakuda wobvala chipewa anali kukomana nako pa mseu. Koma nzoona kuti munthu amene a Scott anamuyesa woyenera kutsegula nchito yekha m'dziko lachilendo, dziko la Azungu linalibe malo omuikapo.

Mu 1924 Blantyre ndi Livingstonia anagwirizana kupanga Mpingo wa C.C.A.P., ndipo Nkhoma inalowamo mu 1926. Koma mphamvu ya amisyoni pa ndalama ndi pa sukulu inakhalabe kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Mu 1951 Mbusa Matecheta, atakalamba, anatulutsa kabuku kofotokoza chiyambi cha Misyoni ya Blantyre monga anachionera iye mwini. Anamwalira mu 1962, chaka chimene Mbusa Jonathan Sangaya anakhala munthu woyamba wa m'dziko muno kugwira udindo wa Mlembi Wamkulu wa Sinodi ya Blantyre.